Amatsenga, Ovina ndi Oseweretsa Njoka pa Akachisi a ku Egypt

M'mabuku akale a zithunzi amene alendo a ku Ulaya ankabwerera nawo kwawo kuchokera ku Egypt, makamaka pakati pa 1860 ndi 1930, simulephera kupezeka munthu wina atanjuta pamchenga, dengu lili pambali, njoka itadzutsa mutu patsogolo pake, kumbuyoko kukuoneka zipilala zikuluzikulu za kachisi. Mukatembenuza tsamba mupeza wina atagwira nyani pachingwe, kwinaku atsikana ovina ataima chilili ngati awaumitsa. Wogula zithunzizi ankakhulupirira kuti akuona zomwe zakhala zikuchitika pamalopo chiyambire nthawi ya Afarao, ndipo wogulitsa sankamutsutsa poti chikhulupiriro chimenecho n'chomwe chinkayendetsa malonda. Komatu njira imene anthuwa anadzera kuti adzafike patsogolo pa kamera inali yokhotakhota kwabasi.

Kuti ovina ndi amasewera analipo ku Egypt wakale, palibe angatsutse. Ku Aswan, pakhoma la manda a nduna ina yotchedwa Harkhuf, anazokotapo kalata yochokera kwa Farao Pepi II, yemwe pa nthawiyo anali akadali mwana. Harkhuf ankabwerera kuchokera kumwera ali ndi munthu wamfupi kwambiri wodziwa magule a milungu, ndipo mfumu yachichepereyo inalamula kuti munthuyo amulondere m'bwato kuopa kuti angagwere m'madzi, komanso kuti usiku azikamusuzumira kakhumi konse. Izi ndi za zaka zoposa 4,200 zapitazo. Ku Beni Hasan, m'manda a zaka pafupifupi 4,000, muli zojambula za akazi akuponya mipira m'mwamba n'kumaiwakha, ena atabereka anzawo kumsana. Ku Beni Hasan komweko kulinso chojambula cha anthu awiri atagwada pa timiphika tovundikira, ndipo amatsenga a masiku ano amakonda kunena kuti amenewo ndiwo makolo awo pa sewero lobisa timipira pansi pa makapu. Akatswiri ambiri ofufuza zakale sagwirizana nazo. Ena amati anthuwo ankangophika buledi. Palinso nthano yolembedwa pagumbwa ya nkhalamba ina, Dedi, imene akuti inadula mutu wa tsekwe pamaso pa Farao Khufu n'kuubwezeretsapo, tsekweyo n'kuyambanso kulira.

Koma kachisi wa nthawi imeneyo sanali bwalo la masewera. Munthu wamba sankaloledwa kulowa m'kati. Kumeneko kunali kwa ansembe ndi mfumu basi. Kuti anthu aonane ndi mulungu wawo, mulunguyo ndiye ankatuluka. Chaka chilichonse mtsinje wa Nile ukasefukira, pa chikondwerero cha Opet, ansembe ankasenza pamapewa fano la Amun lili m'kabwato kokongoletsedwa, kuchoka ku Karnak kupita ku kachisi wa ku Luxor, mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, nthawi zina pamtunda, nthawi zina pamadzi. M'masiku a Thutmose III mwambowu unkatenga masiku 11, koma pofika nthawi ya Ramesses III unkapitirira milungu itatu. Makoma a ku Luxor, amene anazokotedwa mu ulamuliro wa Tutankhamun, akuonetsa mdipiti wonsewo: asilikali, oimba ng'oma ndi ovina ochokera ku Nubia, akazi ogwedeza maseche achitsulo, opha ng'ombe, ndi atsikana atapinda msana chagada mpaka manja ndi tsitsi kugunda pansi. Anthu amenewa sankavinira wodutsa m'njira kuti awaponyere kenakake. Ankavinira mulungu, ndipo chakudya chawo chinkachokera m'nkhokwe za kachisi.

Zonsezi zinatha. Aroma anasandutsa kachisi wa ku Luxor kukhala linga la asilikali, Chikhristu chinafalikira, ndipo cha m'ma 390 mfumu Theodosius inaletsa kupembedza milungu yakale. Kachisi wa pachilumba cha Philae ndiye anakanirira, koma nayenso anatsekedwa m'zaka za m'ma 530. Aarabu analowa mu Egypt cha mu 640. Mchenga, matope ndi zinyalala zinakwirira akachisi pang'onopang'ono, anthu n'kumanga nyumba zawo zazidina pakati pa zipilala, ena padenga penipeni. Ku Luxor, pamwamba pa bwalo la Ramesses II, panamangidwa mzikiti wa Abu el-Haggag, shehe wa m'zaka za m'ma 1200 amene manda ake ali pomwepo. Kwa zaka zoposa chikwi panalibe chifukwa choti wamasewera aliyense akaime pa kachisi. Akanakasewerera ndani, mbuzi ndi nkhunda?

Amasewera a m'misewu anakulira kwina, m'misika ya mu Cairo ndi pa zikondwerero zokumbukira mashehe, zomwe kumeneko amati mawlid. Ibn Daniyal, sing'anga wa maso amene anamwalira mu 1310, analemba sewero la zidole za mthunzi lodzaza ndi anthu otere: ogwira njoka, oweta anyani, omeza malupanga, ogulitsa mankhwala abodza. Ogwira njoka ambiri ankati ndi a gulu la Chisufi la Rifa'i, lotsatira Ahmad al-Rifa'i wa ku Iraq amene anamwalira mu 1182, ndipo ankakhulupirira kuti dalitso la shehe wawo limawateteza ku ululu.

Amene anawafotokoza bwino anthuwa kamera isanabwere ndi Edward William Lane, Mngelezi yemwe anakhala ku Cairo n'kutulutsa buku la miyambo ya anthu a ku Egypt mu 1836. Wamatsenga, amene ankatchedwa hawi, ankasonkhanitsa anthu mozungulira pamsewu, akuthandizidwa ndi tianyamata tiwiri tomwe tinkamuyankha mwachipongwe kuti anthu aseke. Woweta nyani, qirdati, ankayenda ndi nyani, bulu, galu ndi mbuzi. Nyani ankamuveka ngati mkwatibwi n'kumukweza pabulu, pomwe mbuzi inkaima ndi mapazi onse anayi pa kachitsa kakang'ono, kenako ankawonjezera kachitsa kena pansi pake, ndi kenanso, mbuziyo ili njo pamwamba. Wogwira njoka ntchito yake yeniyeni sinali yoonetsa anthu ayi. Ankaitanidwa m'nyumba zimene mwalowa njoka; ankagogoda makoma ndi kandodo ka kanjedza, kuimba mluzu, kulavula pansi, n'kuilamula njokayo m'dzina la Mulungu kuti ituluke. Lane yemweyo anavomereza kuti m'chipinda chamdima munthu akanatha kungotulutsa njoka m'malaya mwake, koma iye ankaganiza kuti ambiri analidi ndi luso lozipeza.

Ndiye panali a ghawazi, akazi ovina poyera osaphimba nkhope, akuliza tizitsulo tating'ono tomangirira ku zala. Ankakwatirana okhaokha, ndipo amuna awo ndiwo ankawaimbira. Mu 1834 Muhammad Ali, wolamulira Egypt, analetsa akazi kuvina poyera mu Cairo. Wogwidwa koyamba ankakwapulidwa zikoti 50, wobwereza ankamugwiritsa ntchito yakalavulagaga. Mu Cairo malo awo anatengedwa ndi anyamata ovala zachikazi, ndipo akazi ambiri anathamangitsidwira kumwera, ku Esna, ku Qena ndi ku Luxor, matauni omwe ali ndi akachisi akuluakulu kapena ayandikana nawo. Choncho chimene chinafikitsa ovina ambiri pafupi ndi zipilala za Afarao linali lamulo la boma ndi chikoti.

Patangopita zaka zisanu kamera inatulukira. Polengeza luso la Daguerre ku Paris mu 1839, François Arago anatchula Egypt mwachindunji, kuti zolemba za pamakoma a akachisi, zimene zikanafuna chikhamu cha anthu ojambula pamanja, munthu mmodzi akanatha kuzikopera ndi chipangizo chatsopanocho. Chaka chisanathe, ojambula oyamba anali atafika kale ku Alexandria. Iwo ankafuna miyala, osati anthu, ndipo ngakhale akanafuna anthu sizikanatheka, chifukwa kamera inkafunika kukhala yotsegula kwa mphindi zingapo, moti chilichonse choyenda chinkangosiya kachifunga kapena kuzimiririka.

Maxime Du Camp anayenda pa Nile mu 1849 ndi 1850 pamodzi ndi mnzake, mlembi Gustave Flaubert. Ku Esna anakaona wovina wotchuka Kuchuk Hanem, mmodzi wa ochokera ku Cairo aja, ndipo lero timamudziwa chifukwa cha zimene alendo analemba za iye. Munthu amene amaoneka kawirikawiri m'zithunzi za Du Camp ndi Hajj Ishmael, wopalasa bwato wa ku Nubia, yemwe ankamukweza pamwamba pa mafano ndi makoma kuti woona adziwe kukula kwa mwalawo. Du Camp anadzilembera yekha mmene ankamuchititsira kuti asagwedezeke: anamuuza kuti kapaipi kamkuwa kotulukira pansalu ya kamera kanali mzinga, ndipo kakanamuwombera akangosuntha. Nkhaniyi anailemba ngati yoseketsa. Umu ndi mmene ubale wa wojambula ndi wojambulidwa unayambira pa akachisiwa, wina ali kuseri kwa nsalu, mnzake ali padzuwa mtima uli phaphapha.

Francis Frith, amene anayamba maulendo ake mu 1856, ankajambula pa magalasi opaka mankhwala omwe ankayenera kutsukidwa asanaume. M'katenti kake munkatentha moti mankhwalawo ankachita kuwira, ndipo nthawi zina ankathawira m'manda akale kukatsukira zithunzi mumdima wozizirirapo. Zithunzi zake zinagulidwa kwambiri ku England, ndipo ambiri amene anaziona anayamba kulakalaka kukadzionera okha.

Chaka chimene chinasintha zinthu ndi 1869. Ngalande ya Suez inatsegulidwa, ndipo Thomas Cook anatenga gulu lake loyamba la alendo kukayenda pa Nile. Pofika 1877 kampani yake inali ndi hotela ku Luxor, kenako njanji inafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1907 hotela ya Winter Palace inatsegulidwa m'mphepete mwa mtsinje. Miyezi yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, sitima zinkatsitsa azungu mazanamazana amene anali ndi ndalama m'thumba ndi nthawi yoti aitaye. Pamene pagwa chakudya nyerere sizichedwa. Anyamata a abulu, ogulitsa mafano abodza, omasulira otchedwa dragoman, oimba rababa (choimbira cha zingwe ziwiri chokwecha ndi kauta, chibade chake cha kokonati), onse ankadikirira padoko ndi pazipata, mawu ali pakamwa ndi amodzi, bakshish. Wogwira njoka uja anazindikira kuti kutulutsa mamba m'dengu pamaso pa mzungu kwa mphindi zochepa kunkalipira kuposa kuisaka m'nyumba ya mlimi mnzake tsiku lonse. A ghawazi ankaitanidwa kukavina usiku kunyumba za akazembe a mayiko akunja. Amelia Edwards, amene anayenda pa Nile mu 1873 ndi 1874, anawaona ku Luxor ndipo sanabise kuti sanakondwere nawo.

Ojambula nawo anakhazikika. Antonio Beato anatsegula situdiyo ku Luxor mu 1862 n'kukhala komweko mpaka imfa yake mu 1906. Banja la Bonfils linkagwira ntchito kuchokera ku Beirut, Pascal Sébah wa ku Istanbul anatsegula nthambi ku Cairo mu 1873, abale awiri achigiriki a Zangaki ankayenda ndi ngolo yotsukiramo zithunzi, Hippolyte Arnoux anali ndi bwato la ntchito yomweyo ku Port Said, ndipo Gabriel Lekegian anali ndi situdiyo ku Cairo pafupi ndi hotela ya Shepheard's. Zithunzi zawo ankazisindikiza papepala lopakidwa choyera cha dzira, n'chifukwa chake zimaoneka zofiirira, ndipo m'munsi ankalemba nambala ndi mawu ochepa, kawirikawiri m'Chifalansa. Mlendo ankalowa m'sitolo, kutsegula buku lazitsanzo, n'kuitanitsa ndi nambala: kachisi wa ku Edfu mmodzi, ngamila ziwiri, wogwira njoka mmodzi. Dzina la wojambula linkalembedwa pakona. Dzina la wojambulidwa silinkafunsidwa n'komwe.

Mukachiyang'anitsitsa chithunzi chotere mumaona mmene anachikonzera. Wovina wakweza manja koma siketi yake yagwa mowongoka, umboni woti sakuvina, wangoima kudikira kuti amuuze kuti basi. Woimba ng'oma dzanja lake lagona pachikopa. Nkhope ya munthu ikuoneka bwinobwino koma mutu wa nyani wachita chimbuuzi, chifukwa nyani sauzidwa kuti asasunthe. Zambiri mwa zithunzi za "m'misewu" sizinajambulidwe mumsewu n'komwe, koma m'bwalo la situdiyo, kumbuyo atapachika chinsalu chopentedwa migwalangwa, ndipo pena m'munsi mumaoneka mphepete ya chinsalucho. M'masitudiyo ena munthu mmodzi yemweyo ankavekedwa zovala zosiyanasiyana n'kugulitsidwa pansi pa maina a ntchito zosiyanasiyananso. Za njoka ija, mamba samva chitoliro monga timamvera ife. Amatsatira kugwedezeka kwa dzanja ndi thupi la amene ali patsogolo pake, ndipo njoka zambiri zoonetsera ankazizula mano aululu.

Sindikunena kuti wojambulidwayo anali chitsiru chongokokedwa. Ankadziwa mtengo wa nkhope yake, ankatsatsa malonda, ndipo akaona kuti alendo akufuna munthu wooneka wachikale, ankavala zachikale. Kungoti phindu lalikulu linkapita kwina. Iye ankalandira kamodzi, pomwe galasi limodzi linkabala zithunzi mazana kwa zaka zambiri, ndipo mapositikhadi atatchuka kuyambira m'ma 1890, nkhope yomweyo inkapakidwa utoto n'kutumizidwa dziko lonse. Chithunzi cha Egypt chimenechi chinakula mpaka kuyamba kudziyendera chokha. Pa chionetsero cha ku Chicago mu 1893 anamanga msewu wonse wa Cairo, n'kuikamo abulu, ngamila, ovina ndi amatsenga ochokera ku Egypt, pambali pake n'kuimika kachisi wa ku Luxor wongoyerekeza. Zinthu zimene kwawo zinatalikirana makilomita oposa 600 anazigundanitsa, ndipo amene anaona ku Chicago ankayembekeza kukazipeza chimodzimodzi pa Nile.

Pa nthawi yomweyo akachisi enieniwo ankachotsedwamo anthu. Cha m'ma 1885 Gaston Maspero, mkulu wa nthambi yoona zinthu zakale, anayamba kugwetsa nyumba zimene zinali m'kachisi wa ku Luxor ndi kukumba dothi lomwe linamukwirira. Eni nyumba anasamutsidwa, koma mzikiti wa Abu el-Haggag anthu anaukaniza, ndipo mpaka lero uli pomwepo, khomo lake lakale litatsala m'mwamba pakhoma chifukwa nthaka anaikumba. Kenako panabwera mipanda, alonda ndi matikiti. Wamasewera anayamba kulowa pokhapokha mlonda kapena dragoman atamulola, ndipo iwonso ankafuna yawo. Kodak itatuluka mu 1888, mlendo anayamba kudzijambulira yekha, ndipo makamera atsopano ankatha kugwira munthu akuyenda. Apa mpamene tikuyamba kuona zithunzi zopendekeka, zosakonzedwa, za ana ataunjikana kuzungulira hawi, zomwe kwa ine n'zamtengo kuposa zokongola za m'situdiyo zija.

Beato atamwalira, wothandizira wake Attiya Gaddis, mbadwa ya chigawo chomwecho, anatenga ntchitoyo mu 1907 n'kutsegula sitolo pa Winter Palace, kenako anagwirizana ndi Girgis Seif. Kamera tsopano inali m'manja mwa mwana wa dziko, ngakhale ogula anali omwe aja ndipo zofuna zawo zinali zomwezo. Manda a Tutankhamun atapezeka mu 1922 alendo anasefukira, ndipo mu 1924 Lehnert ndi Landrock anatsegula sitolo yawo ya zithunzi ku Cairo. M'zaka zimenezi wogwira njoka mmodzi anatchuka ndi dzina lake, Sheikh Moussa wa ku Luxor, amene ankayenda ndi alendo m'mabwinja n'kumatulutsa njoka ndi zinkhanira m'ming'alu ya makoma akale. Paul Brunton analemba za iye m'buku lake la m'ma 1930. Ku Port Said nako kunali amatsenga otchedwa gala-gala, omwe ankakwera m'sitima zodutsa pa Suez n'kumatulutsa anapiye amoyo pansi pa makapu ndi m'malaya a apaulendo. Asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu anawajambula kwambiri.

Mfumu itachotsedwa pampando mu 1952, boma latsopano silinkafuna kuti dziko lizidziwika ndi anyani ndi opemphetsa. Magule a kumudzi anawakweza pa siteji: gulu la Mahmoud Reda linayamba mu 1959, ndipo mu 1966 ku Cairo kunatsegulidwa bwalo la boma la masewera odabwitsa. Wailesi, kanema ndi televizioni zinalanda hawi anthu ake a m'misika. Damu lalikulu la Aswan, lomwe linatha mu 1970, linathetsa kusefukira kwa Nile kumene kalendala yakale ya zikondwerero inkatsamira. Ena anapeza njira zatsopano. Oimba rababa a ku Luxor, motsogozedwa ndi Metqal Qenawi Metqal, anayamba kuyenda m'mayiko a ku Ulaya m'ma 1970 ndi dzina loti Musicians of the Nile. Ana aakazi a Yusuf Maazin, banja la ghawazi la ku Luxor, anatchuka m'maukwati ndi m'mabwato a alendo, koma pofika m'ma 1990 magulu okhwimitsa chipembedzo anachititsa kuti kuitana ovina kuukwati kukhale koopsa, ndipo mwa onsewo Khairiyya Maazin ndiye anapitiriza nthawi yaitali, makamaka pophunzitsa akazi ochokera kunja.

Pa 17 Novembala 1997 zigawenga zinapha anthu 62 pa kachisi wa Hatshepsut ku Deir el-Bahari. Chichokereni apo, pachipata chilichonse pali apolisi ndi makina ofufuzira zida, ndipo munthu wonyamula dengu la njoka sangadutsepo. Midzi ya ku Qurna, imene inali pamwamba pa manda akale kutsidya la mtsinje, inayamba kugwetsedwa mu 2006. Alendo, amene anafika 14.7 miliyoni m'dziko lonse mu 2010, anachepa kwambiri zipolowe za 2011 zitachitika, ndipo amene ankadyera pa iwo ambiri anasiya. Zimene zatsala tsopano zimatetezedwa ndi mapepala: UNESCO inalemba tahtib, sewero lomenyana ndi ndodo, pa mndandanda wake mu 2016, ndi zidole za aragoz mu 2018. Mu Novembala 2021, potsegulanso msewu wa mafano wolumikiza Karnak ndi Luxor, boma linakonza mdipiti woyerekeza Opet, wa ovina mazana ovala ngati a nthawi ya Afarao, ophunzitsidwa ndi kulipidwa, oonerera ake akuluakulu ali pamipando ndipo ena onse ali pa televizioni.

Mdipiti wina, umene suchita kukonzedwera alendo, umachitika ku Luxor chaka ndi chaka pakati pa mwezi wa Sha'ban, kutatsala milungu iwiri kuti Ramadan iyambe. Pa mawlid ya Abu el-Haggag anthu amakweza mabwato pangolo n'kuwakoka m'misewu kuzungulira kachisi, ana atadzaza m'katimo, ngamila zitavekedwa nsalu, zitoliro za mizmar zikulira, amuna akusewera tahtib ndipo okwera pamahatchi akuthamangitsana. Eni ake amati bwatolo likukumbutsa ulendo wa shehe wawo. Akatswiri ambiri a mbiri amaonamo kabwato ka Amun kaja. Ojambula a nthawi ya Beato ndi Bonfils sanaulabadire kwenikweni mwambowu: tsiku lake limayendera mwezi, choncho zaka zambiri unkagwa kunja kwa nyengo ya alendo, ndiponso chikhamu cha anthu othamanga ndi kuvina sichikanaima chilili kudikira galasi.